Zebra ZT411 pa ntchito yolongedza ufa ndi uchi: makina olimba omwe amafuna munthu womvetsa sensa yake

Ndimayang'anira gawo lolongedza katundu pa kampani ina yaing'ono ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, komwe timapakira ufa wa phala, chiponde ndi uchi. Paketi kapena botolo lisanatuluke pachipata liyenera kukhala ndi lebulo losonyeza barcode, nambala ya batch, tsiku lomwe katunduyo wapangidwa ndi tsiku lomwe adzathere mphamvu, ndipo makina osindikiza malebulo akangoima, anthu onse olongedza amakhala pansi manja ali pamiyendo ngakhale ufa utadzaza m'matumba. Kwa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo tsopano ntchito imeneyi yakhala ikugwiridwa ndi Zebra ZT411, ndipo ndemanga yangayi itsamira kwambiri pa chinthu chimodzi, chomwe ndi momwe makinawa amadziwira pamene lebulo layambira ndi pamene lathera, chifukwa pafupifupi nthawi zonse zomwe ntchito yathu inaimapo, gwero lake linali pamenepo.

Za maonekedwe ndi mphamvu zake sindichedwapo. Makinawa amapangidwa ndi kampani ya Zebra Technologies, yomwe likulu lake lili ku Lincolnshire m'chigawo cha Illinois ku America, ndipo analowa m'malo mwa mtundu wakale wa ZT410. Thupi lake ndi lachitsulo, amalemera makilogalamu pafupifupi 16, amasindikiza m'lifupi mpaka mamilimita 104, ndipo liwiro lake limafika mainchesi 14 pa sekondi, ngakhale ife sitinafunepo kuwathamangitsa choncho. Alipo a 203, 300 ndi 600 dpi. Athu ndi a 203, kutanthauza madontho 8 pa milimita iliyonse, zomwe zimakwanira bwino pa barcode ya m'sitolo. Amalandira mpukutu waukulu wa malebulo wa mamilimita 203 m'mimba mwake ndi riboni ya inki yotalika mamita 450, kotero kuti munthu satsegula chitseko kawirikawiri. Kutsogolo kuli sikirini yogwira ndi chala yomwe imasanduka yofiira pakakhala vuto, ndipo chimenechi ndimachiyamikira chifukwa ndimachiona ndili patali, kumapeto kwa chipinda.

Chomwe ndinachedwa kumvetsa, ndipo ndikukhulupirira kuti ambiri ogula makina otere amachedwanso kuchimvetsa, n'chakuti makinawa saliona lebulo monga momwe ife timalionera. Amangoyeza kuwala. Panjira yomwe malebulo amadutsa asanafike pa mutu wosindikizira pali sensa yomwe mbali imodzi imatulutsa kuwala ndipo mbali inayo imalandira, pepala likudutsa pakati. Lebulo likakhala pakatipo, pamodzi ndi pepala loterera lomwe lamatidwapo, lomwe amisiri amalitcha liner, kuwala kodutsa kumakhala kochepa. Pa mpata wa pakati pa malebulo awiri pamakhala liner yokha, ndipo kuwala kumadutsa kochulukirapo. Mpukutu ukatha, palibe chotchinga, ndipo kuwala kumadutsa konse. Milingo itatu imeneyi ndiyo nzeru zonse zomwe makina ali nazo pa malebulo anu, ndipo chomwe chimatchedwa calibration ndi kungowaphunzitsa kuti pa mpukutu uwu, kuwala kochuluka chonchi ndi lebulo, kotere ndi mpata, ndipo kotere ndiye kuti pepala latha. Palinso sensa yachiwiri yomwe imayeza kuwala kobwerera kuchokera kunsi kwa pepala, ndipo imeneyi ntchito yake ndi kufunafuna mzere wakuda wosindikizidwa kumbuyo kwa liner. Pa menyu, yoyamba ija imatchedwa Transmissive ndipo yachiwiriyi Reflective.

Phunziro langa loyamba linabwera tsiku lomwe tinasintha kogula malebulo. Mipukutu yatsopano inali ya muyeso womwewo, mamilimita 100 m'lifupi ndi 50 m'litali, ndipo ndi maso inkaoneka yofanana ndi yakale, kupatula kuti liner yake inali yokhuthala pang'ono komanso yachikasu, pamene yakale inali yoyera ndi yopyapyala. Titaika mpukutuwo makina anayamba kulavula malebulo opanda kanthu motsatizana, kenaka n'kuima, sikirini itafiira. Mnyamata yemwe amawayendetsa anabwera kudzandiuza kuti makina afa, ndipo ine, posadziwa, ndinayamba kale kuganiza za ndalama zoitanira mmisiri. Chomwe chinachitika n'chakuti makina anali akadali ndi milingo ya liner yakale, ndipo pa liner yokhuthalayi kuwala kodutsa pa mpata kunali kosakwana kuti afike pozindikira kuti umenewu ndi mpata. Kwa iwo, mpukutu wonse unali lebulo limodzi losatha. Vuto silinali la makina, ndipo silinalinso la malebulo. Ndife amene tinasintha pepala osawauza.

Apa ndi pamene ZT411 inandikopa mtima, chifukwa imatha kukusonyezani papepala chomwe sensa yake ikuona. Pa menyu, m'gawo la Sensors pansi pa Print, muli lamulo losindikiza sensor profile, ndipo amene amatumiza malamulo a chilankhulo cha makina a Zebra chotchedwa ZPL akhoza kutumiza ~JG kuchokera pa kompyuta. Chotuluka ndi chojambula chachitali chodutsa pa malebulo angapo. Mzere wolembedwa MEDIA ndiwo zomwe sensa yawerenga, wa WEB ndi malire omwe makina amasiyanitsira mpata ndi lebulo, ndipo wa OUT ndi malire omwe amanenera kuti pepala latha. Pa mpata uliwonse pamayenera kuoneka nsonga yooneka bwino yodumpha mzere wa WEB, ndipo mukayika chojambulacho pambali pa malebulo enieniwo, nsongazo ziyenera kutalikirana mofanana ndi mipata. Pa chojambula chathu cha tsiku limenelo nsongazo zinalipo, koma zinali zazifupi, zosafika pa malire. Munthu ukaona zimenezi ndi maso ako, kulosera kumatha, ndipo umadziwa choti uchite. Ndakhalapo ndi makina ang'onoang'ono a patebulo omwe akalakwitsa amangothwanimitsa nyali imodzi yofiira, iwe n'kumangoganizira wekha, choncho kusiyana kwake ndimakudziwa.

Calibration ilipo ya mitundu iwiri. Ya yokha, yomwe makina amachita pokoka malebulo angapo ndi kudziyezera, imathetsa mavuto ambiri, ndipo lamulo lake la ZPL ndi ~JC. Koma pepala likakhala lovuta, yodalirika ndi ya pamanja, yomwe ili m'gawo lomwe lija la Sensors ndipo sikirini imakutsogolerani sitepe ndi sitepe. Mumatsegula mutu wosindikizira, n'kumatula malebulo pa utali wa masentimita 15 kapena 20 kuti patsale liner yokha, n'kubweza pepalalo m'mbuyo mpaka liner yopanda kanthuyo ikhale pakati pa sensa, n'kuchotsa riboni, n'kutseka mutu kuti makina ayeze. Akatha mumabwezera riboni, n'kukoka pepala mpaka lebulo lenileni likhale pa sensa, n'kutsekanso. Cholakwika chomwe ndaona anzanga akubwereza ndi kumatula lebulo limodzi lokha lomwe lili pakamwa pa makina, poiwala kuti sensa ili m'kati, kumbuyo kwa mutu, kotero kuti makina amayeza lebulo n'kulisunga ngati mpata, ndipo zinthu zimaipa kuposa poyamba. Ntchito yonseyi siitenga mphindi zisanu. Mukamaliza, yesani ndi batani la FEED: mukalidina kamodzi pazituluka lebulo limodzi, n'kuima pamalo omwewo nthawi zonse, ndipo mukaona awiri kapena theka, musayambe kusindikiza.

Palinso nthawi zomwe calibration ngakhale mutaibwereza kakhumi siingathandize, chifukwa sensa ikuyang'ana pamalo olakwika. Ubwino wa makinawa ndi wakuti sensa imasunthika chopingasa pa pepala, ndipo kuwala kwake kumaoneka, kotero kuti mumadziwa pomwe yaloza. Tinaziona izi pa malebulo ozungulira a pa zivundikiro za mabotolo a uchi. Lebulo lozungulira mpata wake ndi wopapatiza pakati penipeni ndipo umakula mukamapita m'mphepete, choncho sensa ikakhala cha kumphepete imayeza lebulo lalifupi kuposa lenileni, ndipo zolemba zimagwera pambali pa bwalo. Titaisunthira pakati, vuto linatheratu. Chimodzimodzi pa timalebulo tating'ono tomwe timabwera tiwiritiwiri mondondozana m'lifupi mwa mpukutu: sensa ikagwera pa kanjira ka pakati pa mizere iwiriyo imangoona liner kuyambira koyamba mpaka kumapeto, ndipo makina amalengeza MEDIA OUT mpukutu uli wodzaza. Pa malebulo olimba ngati makhadi okhala ndi kabowo kapena kodulidwa m'mphepete, sensa iyenera kulunjika pa kabowo komweko. Izi zikumveka zachidziwikire mukaziwerenga, koma pa tsiku lotanganidwa, lole ikudikira panja, munthu amathamangira kudina mabatani m'malo mosuzumira m'kati.

Vuto lomwe linandizunguza mutu nthawi yaitali kuposa onse linali lina, ndipo silinkaimitsa makina n'komwe. Lebulo loyamba linkatuluka bwino, lachiwiri zolemba zitasuntha pang'ono, ndipo pofika lachikhumi barcode inali itadulidwa pakati ndi mpata. Ndinayeretsa, ndinachita calibration, zinthu n'kukhala bwino pa batani la FEED, koma tikangotumiza ntchito kuchokera pa kompyuta matenda n'kubwerera. Chinsinsi chinali mu driver ya pa kompyutayo, pulogalamu yomwe imalumikiza kompyuta ndi makinawa, momwe wina mwa ife anasiya mtundu wa pepala uli pa Continuous, kutanthauza pepala lopanda mipata. Makina akauzidwa choncho amasiya kufunafuna mpata, n'kumangokoka utali womwe pulogalamu yanena. Masamu ake ndi osavuta: lebulo lathu ndi la mamilimita 50 ndipo mpata ndi 3, choncho kuchokera pa chiyambi cha lebulo lina kufika pa chinzake pali 53, koma makina ankakoka 50 yokha, yomwe pa 203 dpi ndi madontho 400. Lebulo lililonse linkatsalira ndi mamilimita 3, ndipo pa malebulo 10 kusiyana kunali kutafika mamilimita 30. Zomwe driver kapena pulogalamu monga ZebraDesigner ndi BarTender imatumiza pamodzi ndi ntchito zimatha kuphimba zomwe mwaika pa sikirini, ndipo amene amalemba ZPL okha ayang'ane lamulo la ^MN, lomwe ^MNY imatanthauza malebulo a mipata, ^MNM a mzere wakuda, ndipo ^MNN pepala losadukiza. Kunena chilungamo, khalidweli si la Zebra yokha, makina ambiri a mtunduwu amatero, koma ndikanakonda kuti sikirini yabwino chonchi izichenjeza poyera kuti ntchito yomwe yangofika yasintha mtundu wa pepala, chifukwa munthu woima pa makina alibe njira yachangu yodziwira zimenezi kupatula kusindikiza lebulo la configuration, losonyeza momwe makina aikidwira, ndi kuliwerenga mzere ndi mzere.

Pafupi ndi nkhani yomweyi pali muyeso wa Maximum Label Length, womwe umauza makina utali womwe angakoke pofunafuna mpata asanagonje. Uyenera kuposa utali wa lebulo pamodzi ndi mpata wake ndi inchi imodzi kapena kuposerapo, ndiye kuti mamilimita 25.4, ndipo ukachepa kuposa lebulo, makina amaganiza kuti pepalalo ndi losadukiza ndipo calibration imakanika. Amene amasinthasintha pakati pa timalebulo ta mabotolo ndi malebulo aatali a pa makatoni aziukumbukira.

Tsopano za fumbi, lomwe kwa ife ndi mlendo wa tsiku ndi tsiku. M'chipinda chopakira ufa mpweya umakhala ndi ufa ngakhale mutasesa motani, ndipo m'miyezi ya mphepo fumbi la panja limawonjezera. Chitseko cha makinawa chimatseka bwino ndithu, koma si chotsekera mpweya, ndipo fumbi lina limachokera ku pepala lenilenilo. Ufa ukaunjikana pa diso la sensa kuwala kumachepa ponseponse, nsonga za pa chojambula chija zimafupika pang'onopang'ono, ndipo makina amayamba kudumpha lebulo mwa apo ndi apo, zomwe zimasokoneza kwambiri chifukwa vutolo limabwera n'kupita. Calibration imatha kulibisa kwa masiku angapo, koma mankhwala ake enieni ndi kupemerera sensa ndi mpweya wouma. Nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala imabwera ndi zake: guluu wa malebulo osungidwa pafupi ndi malata amafewa n'kutulukira m'mphepete, amamatirira panjira ya pepala ndi pa rola ya rabala yomwe imakoka malebulo, ndipo tsiku lina tinapeza kachidutswa ka lebulo katamatirira pa sensa penipeni. Rola ikakhala ndi guluu ndi ufa imaterereka, ndipo zolemba zimasuntha ngakhale sensa ili bwinobwino. Mutu wosindikizira ndi rola timazipukuta ndi kathonje koviika mu isopropyl alcohol wa 99.7 peresenti nthawi iliyonse tikasintha riboni, makina atazimitsidwa ndipo mutu utazizira. Ndinaletsa zinthu ziwiri pa gawo langa: spiriti wapepo uja wa m'magolosale, chifukwa amasiya utoto, ndi kupala guluu ndi mpeni kapena lezala, chifukwa mutu ukakandika kamodzi, mzere woyera umatsala pa lebulo lililonse mpaka mutagula wina. Mipukutu nayo tinaisamutsira m'kabati yozizira, ili m'mapulasitiki ake.

Sensa ya riboni siinativutitse kwambiri, ndipo mauthenga ake awiri ndi osavuta kumva mukadziwa gwero lake. RIBBON OUT riboni ilipo nthawi zambiri imatanthauza kuti riboniyo siinadutse panjira yake yoyenera kapena calibration inachitika riboni isanachotsedwe, ndipo ikabwera mukugwiritsa ntchito pepala losafuna riboni, ndiye kuti makina aikidwa pa Thermal Transfer m'malo mwa Direct Thermal. RIBBON IN ndi chenjezo la mbali inayo, riboni ikakhala mo makina ali pa Direct Thermal. Ngati simukudziwa pepala lomwe muli nalo, likandeni mwachangu ndi chikhadabo. Likada, ndi losafuna riboni. Ife tinasankha kukhala pa riboni ngakhale imawonjezera mtengo, chifukwa katundu wathu amakathera m'maokala ndi m'misika momwe dzuwa limamuwomba, ndipo zolemba za Direct Thermal zimafufutika ndi kutentha, pamene tsiku lothera mphamvu ndi chinthu chomwe wogula komanso oyendera a Malawi Bureau of Standards amafuna kuchiwerenga. Riboni izikhala yotambalala kuposa malebulo kuti iteteze mutu, ndipo mugule yomwe inki yake ili kunja kwa mpukutu. Kuti mutsimikize, matani kachidutswa ka lebulo kunja kwa riboniyo n'kukamatula, ndipo inki ikatsalira pa guluu, ndi yoyenera.

Chinthu china chomwe chili ndi phindu lenileni kwa ife a kuno ndi ufulu wosankha zomwe makina achite akayatsidwa komanso mutu ukatsekedwa. Zosankha zake ndi Calibrate, Short Cal, Length, Feed ndi No Motion. Akakhala pa Calibrate amadziyeza mwatsopano nthawi iliyonse, zomwe ndi zotetezeka koma zimadya malebulo angapo, ndipo pamalo pomwe magetsi amathima n'kuyaka kangapo pa tsiku, kapena tikamasamukira ku jenereta n'kubwerera, malebulo otayikawo amadzaza dengu pofika Lachisanu. Malebulo ndi riboni zimachokera kunja kwa dziko, choncho lililonse logwera pansi ndi ndalama. Ife tinaika Feed pa kuyatsa, popeza mpukutu umakhala womwewo magetsi akabwerera, ndipo tinasiya Short Cal, yomwe ndi kudziyeza kwachidule, pa kutseka mutu, chifukwa nthawi imeneyo ndi yomwe mpukutu umasinthidwa, kenaka tinagwirizana kuti pepala likakhala la mtundu wina kapena lochokera kwina, calibration ya pamanja ichitike ntchito isanayambe. No Motion siitaya lebulo ngakhale limodzi, koma imafuna kuti munthu aike yekha mpata pamalo pake, ndipo sindingaipereke kwa wogwira ntchito watsopano. Tinawonjezeranso UPS, batire losunga mphamvu magetsi akathima, osati chifukwa makinawa ndi ofooka, popeza amalandira mphamvu kuyambira 100 mpaka 240 volts, koma kuti ntchito isadukire pakati n'kusokoneza manambala.

Malire a mphamvu ya sensa yoyamba ija, ya Transmissive, tinawaona pamene tinayesa malebulo apulasitiki oonekera, ofuna kuti mtundu wa uchi uzioneka m'botolo. Lebulo loonekera silitchinga kuwala mokwanira, choncho kusiyana kwa lebulo ndi mpata kumakhala kochepa kwambiri, ndipo palibe calibration yomwe ingapange kusiyana komwe kulibe. Yankho ndi kuitanitsa mipukutu yokhala ndi mzere wakuda kumbuyo, n'kuika makina pa Mark ndi Reflective. Kuchokera nthawi imeneyo, ndikamaitanitsa malebulo sinditchula m'lifupi ndi m'litali mokha. Ndimalembanso kuti mpata ukhale mamilimita 3, kuti chibowo cha pakati pa mpukutu chikhale cha mamilimita 76, kuti liner ikhale ya mtundu womwewo, ndiponso kuti kumbuyo kwake kusakhale zolemba kapena zizindikiro za kampani, chifukwa zolemba zimenezo zimatha kusokoneza sensa.

Kodi ndingawalimbikitse makinawa kwa ena? Kwa fakitale, nyumba yosungiramo katundu kapena malo ogawa mankhwala omwe amasindikiza malebulo ambirimbiri tsiku lililonse, inde, ndipo ndikutero mosakayika. Mutu wathu ukadali woyamba, zolemba zikutuluka zakuda bwino, ndipo pa zovuta zonse zomwe ndafotokozazi palibe ngakhale chimodzi chomwe chinafuna kusintha chitsulo. Kwa mwini golosale kapena gulu la amayi lopanga chiponde lomwe limafuna malebulo ochepa pa sabata, makinawa ndi aakulu kuposa ntchito yawo, ndipo aang'ono a patebulo angawakwanire pa mtengo wotsika kwambiri. Amene mwatsimikiza kugula, funsani wogulitsa ngati amasunga mutu wosindikizira ndi rola, chifukwa zimenezi zimatha ndi ntchito, ndipo kudikira kuti zichokere ku Johannesburg ntchito itaima si chinthu chosangalatsa. Muwapemphenso kuti pa tsiku lobweretsa makina achite calibration ya pamanja pamaso pa anthu omwe adzawayendetse, pa malebulo anu enieni osati awo achitsanzo. Menyu ndi buku la malangizo zilibe Chichewa, choncho ine ndinalemba masitepe aja m'chilankhulo chathu papepala limodzi n'kulimata pakhoma pamwamba pa makina, ndipo pambali pake ndinamata sensor profile yomwe tinasindikiza tsiku lomwe zonse zinali bwino. Makina akayamba kudumpha malebulo, woyendetsa amasindikiza yatsopano n'kuifananitsa ndi ya pakhomayo asanabwere kudzandiitana.